Magetsi a M'mutu mwa Wailesi

1. Pamphambano

Kusukulu kwawo aliyense ankamutchula kuti Wailesi. Dzinali anamupatsa ali Fomu 1 chifukwa pakamwa pake sipankazizira. Ankalankhula pamzere, ankalankhula posesa m'kalasi, ngakhale pa nthawi ya mayeso milomo yake inkangogwedezeka.

Mphunzitsi wa Chingerezi atatopa ndi kumulanga, anamuika m'gulu la mtsutso. "Pakamwa pamenepa patipindulire," anatero. Ndipo panapinduladi. Pofika Fomu 3, Wailesi ndiye ankatsogolera gululo, ndipo mpikisano wa sukulu zonse za m'chigawo unali pafupi.

Koma chaka chimenecho wailesiyo inayamba kudukiza.

Ankati ali pakati pa nkhani, n'kungoona anzake akumuyang'ana, ena akuseka.

"Batire latha," wina ankatero.

"Latha bwanji? Si ndikulankhula apa?"

"Unazima. Maso anali pa ife koma mwini wake kunalibe."

Wailesi ankayesa akumunamiza. Iye sankamva chilichonse. Mutu sunkapweteka, chizungulire kunalibe. Chodabwitsa chinali chakuti nthawi zina pabolodi pankapezeka mzere umene sanaone aphunzitsi akulemba.

Tsiku lina masana ankachokera kusukulu panjinga, atabereka mng'ono wake Kanyerere pakaliyala. Anadutsa sitolo ya chitseko chobiriwira, ali mkati momufotokozera mwanayo za mpikisano. Sitoloyo anaiona bwinobwino.

Kenaka anangopezeka ali pakati pamphambano. Njinga inali chigonere. Kutsogolo kwake kunali mphuno ya lole, pafupi moti akanatha kuikhudza ndi dzanja. Dalaivala anali atatsika, akukalipa, koma Wailesi sanamve pamene kukalipako kunayambira.

Kanyerere anali atakhala pa tala, bondo likutuluka magazi.

"Ndimakuitanani, achemwali," anatero mwanayo akusisima. "Ndimakukokani malaya. Inu mumangopalasa."

Wailesi anatembenuka kuyang'ana sitolo ija. Inali kutali kumbuyo. Pakati pa sitolo ndi mphambano panali msewu umene sankakumbukira kuti waudutsa.

2. Mawu a Bambo

Mawa lake mayi ake anatseka makina awo osokera n'kupita naye kuchipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Dokotala anafunsa mafunso, anamuunika m'maso, anamugogoda maondo ndi kahamala. Pomaliza anati apite kuchipatala chachikulu, akamuyeze magetsi a mu ubongo.

Mawu amenewa atafika kunyumba, anagwera m'khutu la munthu wolakwika. Bambo ake a Wailesi anali mmisiri wa zamagetsi. Anali pakhonde akumasula ayironi ya mnansi, ndipo atamva anaika sikuludalaiva pansi.

"Magetsi a chiyani?"

"A mu ubongo," anatero mayi.

"Alowera pati?"

"Ine ndingadziwe bwanji? Ndangonena zimene ndauzidwa. Akuti akamuika mawaya m'mutu."

Bambo anamuitana Wailesi kuti akhale pafupi. Anayamba amugwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja, monga ankachitira ndi mafiriji a anthu.

"Tamvera, mwana wanga," anatero. "Ine magetsi ndinayamba kuwagwira iwe usanabadwe. Magetsi alibe chibale. Sadziwa kuti uyu ndi mmisiri, uyu ndi mwana wasukulu. Mnzanga amene ndinaphunzira naye ntchito anakhudza waya woonda ngati ulusi wa amayi akowa, mpaka lero dzanja lake silitambasuka. N'chifukwa chake ndimakuletsani kugwira soketi ndi manja onyowa. Tsono lero munthu wophunzira akuti akumangirire mawaya m'mutu. Ine waya ndimamudziwa, ntchito yake ndi kunyamula moto basi. Sindikukukaniza kupita. Koma ukakangomva kutentha, kapena kunjenjemera, kapena fungo la chinthu chopserera, usakadikire chilolezo cha munthu. Ukazule n'kutuluka. Mutu sagula wina kusitolo."

"Mukumuopseza mwanayu," anatero mayi.

"Ndikumuchenjeza. Ndipo ndipita nawo, ndikawaone ndekha mawayawo."

Mayi anatembenukira kwa Wailesi. "Iwe ukakafunsidwa, ukangonena zimene ukudziwa."

"Koma amayi, palibe chimene ndikudziwa. Amene akudziwa ndi Kanyerere ndi dalaivala uja."

Pamenepo mayi anabwerera kumakina awo.

Kusukulu nako nkhani ya lole inali itafika. Mphunzitsi wa Chingerezi anamutengera pambali n'kumuuza kuti za mpikisano ziyembekeze kaye mpaka madokotala atanena mawu awo. Njinga nayo bambo anaikoloweka kudenga la chipinda chosungira katundu.

3. Mawu a Azakhali

Achipatala anati abwere tsitsi lili lomasula, lochapa, lopanda mafuta. Choncho tsiku loyezedwa litatsala pang'ono, Wailesi anapita kusaluni ya azakhali ake, mlongo wa bambo ake, kuti akamumasule zoluka.

Azakhali anadikira kuti kasitomala womaliza atuluke. Anatseka chitseko, anazimitsa choumitsira tsitsi, n'kumukhazika Wailesi patsogolo pa galasi.

"Adokotala aang'ono aja anatchula dzina la matenda?"

"Ayi, azakhali."

"Ndi bwino. Dzina likangotchulidwa silifufutika."

Anayamba kumasula ndi chipeso cha mchira, akulankhula chapansipansi.

"Ndikuuze, mwana wa mchimwene wanga. Ine m'saluni muno ndimamva zonse. Mzimayi akakhala pampando uwu, pakamwa pamamasuka pamodzi ndi tsitsi. Anthu ndi oipa. Akangomva kuti mutu wa uje uli ndi vuto, safunsa kuti vuto lanji. Lero akusuntha mpando, mawa akukaniza ana awo kudyera nawe mbale imodzi, mkuja akuti ukapuma pafupi nawo uwapatsira. Ukadzakula, wofuna kukulemba ntchito adzamva. Wofuna kukukwatira adzamva, ndipo asanamve iye adzayamba kumva amayi ake. Iwe ndiwe mwana wanzeru, uli ndi tsogolo. Usalole kuti kusinza kwa kamphindi kakuphere zonsezi. Ndani sasinza? Inenso ndimasinza chipeso chili m'manja."

"Ndiye ndisapite?"

"Upite, bambo ako angakwiye. Koma ukachenjere. Kasitomala wanga wina mwana wake anayezedwapo. Akuti akakumata mawayawo amakuuza kuti upume mwamphamvu, mobwerezabwereza. Kupumako ndi kumene kumadzutsa chinthucho. Iwe ukakapume pang'onopang'ono, ukangokweza mapewa kuti aziona ngati ukuyesetsa. Makina sakaona kanthu. Akakuuza kuti uli bwino, upita kumpikisano wako, njinga yako itsika kudenga, nkhani yathera pomwepo."

Wailesi anadziyang'ana pagalasi. Theka la mutu linali lomasula, theka lili loluka.

"Nanga ngati chinthucho chilipodi?"

"Chimene sichinaoneke palibe," anatero azakhali, nakoka tsitsi mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Pobwerera kunyumba Wailesi anayenda wapansi. Bambo anati akazule mawaya. Mayi anati akanene zimene akudziwa. Azakhali anati akapume pang'ono. Onse anali akuluakulu, onse ankamukonda, ndipo panalibe awiri amene ananena chimodzi.

4. Chipinda cha Mawaya

Chipinda choyezera chinali chaching'ono, chopanda zenera. Munali bedi, mpando, ndi kompyuta patebulo la matayala. Woyendetsa makinawo anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula modekha ngati akuopa kudzutsa munthu.

Analola kholo limodzi lokha kulowa. Bambo sanadikire kukambirana, analowa chikwama chawo cha zipangizo chili m'manja.

Mayi wa pamakina anayeza mutu wa Wailesi ndi tepi ngati ya telala, n'kumaika timadontho ndi choko chofiira. Kenaka anatenga mtolo wa timawaya ta mitundumitundu, tokhala ndi timbale ting'onoting'ono kunsonga.

Bambo anadzuka pampando. "Pepani, mayi. Moto wake ndi wochuluka bwanji?"

"Moto uti, bambo?"

"Umene mulowetse m'mutumo."

Mayiyo anamwetulira. "Mumagwira ntchito yanji?"

"Zamagetsi."

"Ndiye m'chikwamamo muli mita yoyezera. Mukaigunditsa pa waya, imathira moto m'wayamo?"

"Ayi. Imangowerenga umene ulimo."

"Awanso ndi chimodzimodzi. Salowetsa kanthu, amangomvetsera. Magetsiwo alimo kale. Mukafuna kugwedeza chala, ubongo umatumiza uthenga kudzera m'minyewa mpaka kuchalako. Uthengawo umayenda ngati magetsi, koma ochepetsetsa, sangayatse ngakhale kababu ka tochi. Kuona, kumva, kukumbukira, zonsezi ndi timauthenga timeneti. Aliyense ali nato."

"Ndi ine ndemwe?"

"Ndi inu nomwe."

Bambo anadzigwira pankhongo. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda wopanda fyuzi," anatero, nakhala pansi. Komabe anasendeza mpando wawo kufupi ndi soketi ya pakhoma.

Mayiyo anamata timbale tija m'mutu mwa Wailesi ndi phala loyera lozizira. Panalibe kutentha, panalibe fungo la kupserera. Atamugoneka pabedi, pakompyuta panayamba kuyenda mizere yambiri yokhotakhota, uliwonse m'njira yakeyake.

"Ndine ameneyo?" anafunsa Wailesi akusuzumira.

"Ndiwe. Koma ukalankhula mizere imasokonekera. Ungathe kukhala chete?"

"Mwapempha chovuta," anatero bambo.

Anamuuza kuti atsinzine, anatsinzina. Anamuuza kuti aphenye, anaphenya. Anamuwalitsira nyali yophethira kumaso, ndipo anangoona mitundu ikuvina kuseri kwa zikope.

Kenaka mayiyo anatenga kapepala kopepuka, nakagwira patsogolo pa pakamwa pa Wailesi.

"Tsopano upume mwamphamvu. Kokera mpweya mpaka m'mimba, n'kuuzira pepalali kuti liziuluka. Usasiye mpaka nditakuuza."

Wailesi anakweza mapewa, natulutsa kampweya. Pepala linangogwedezeka kunsonga. Anakwezanso mapewa. Pepala silinasunthe n'komwe.

Mayiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Sanakalipe. Anatsitsa pepala n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Mwana wanga, mapewa okwera popanda mpweya ndawaonapo ambiri m'chipinda muno. Sindikufunsa amene wakuphunzitsa. Ndikuuze chabe mmene zilili. Ukapitiriza chonchi, mwina mizere ituluka yosalala, ndipo ine ndikauza adokotala kuti sindinaone kanthu. Sindikhala nditanama. Koma iwe utuluka pakhomo apa ndi mutu womwewo umene walowa nawo. Makinawa ukhoza kuwapusitsa, sadandaula. Msewu ndiye sungaupusitse, moto wa pachitofu sungaupusitse, madzi sungawapusitse. Chimene chili m'mutumu, ngati chilimo, sichidikira kuti tichitchule dzina kuti chigwire ntchito yake. Ife tikachiona timadziwa pochigwira. Tikapanda kuchiona, chimasankha chokha tsiku ndi malo. Mpweya ndi wako, ine sindingakupumire."

Bambo ankayang'ana uku ndi uku, osamvetsa chimene chikuchitika.

"Mukapanda kuona kanthu," anafunsa Wailesi, "ndipita kumpikisano?"

"Mwina upita."

"Njinga ndiyambanso kukwera?"

"Ngati makolo ako alola."

"Ndi mng'ono wanga kumbuyo?"

Mayiyo anangokwezanso pepala lija.

Wailesi analiyang'ana kanthawi. Kenaka anakoka mpweya mpaka nthiti zinatambasuka, nauzira. Pepala linauluka. Anakokanso, nauziranso. Milomo inauma. Nsonga za zala zinayamba kuchita dzanzi, denga linkaoneka ngati likutalikira. Anapitirizabe, kukoka, kuuzira, kukoka.

"Wailesi."

"Ndikupuma, mayi."

"Basi, pumula. Ndiuze mawu amene ndanena posachedwapa."

"Mwati ndipumule."

"Ndisanatero."

"Simunanene kanthu."

Anatembenuza maso kuyang'ana bambo ake. Sanali pampando. Anali ataima pafupi ndi bedi, atamugwira phazi, ndipo iye sanaone pamene anadzukira.

"Anati njovu yofiira," anatero bambo. "Ananena mokweza, pafupi ndi khutu lako. Iwe maso ali gwa, zikope zikuphethira. Ndipo mizere yonse ija inadumphira pamodzi, mmwamba, pansi, mmwamba, pansi, ngati mano a sowo."

"Liti?"

"Pompano, mwana wanga."

Wailesi anayang'ana pakompyuta. Mizere inkayenda mwakachetechete, uliwonse m'njira yakeyake, ngati palibe chachitika.

5. Dzina

Masana analowa onse atatu kwa dokotala wamkulu, bambo wa imvi za m'mbali. Dokotalayo anayang'ana mizere ija kanthawi, kenaka anatembenuzira kompyuta kwa iwo.

"Uwu ndi mtundu wina wa khunyu," anatero.

Mayi anagwira pakamwa. Wailesi anapukusa mutu.

"Koma adokotala, ine sindigwa. Sindiphupha. Wakhunyu ndinamuonapo pamsika, si mmene ndimachitira ine."

"Khunyu lili mitundu yambiri. Lina limagwetsa, lina limangozimitsa munthu kwa kamphindi ali chiimire. M'kalasi mwanu mukamaphunzira, amalankhula mmodzimmodzi, si choncho? Tsono taganiza ana onse akuwe nthawi imodzi. Mawu a aphunzitsi angamveke?"

"Ayi."

"Ndi zimene zimachitika mu ubongo wako. Timauthenga tija timaphulika tonse pamodzi, ndiye za kunja sizilowa. Phokosolo likatha, umapitiriza pamene unasiyira, osadziwa kuti padutsa kanthu."

"Ndiye nthawi imeneyo ine ndimakhala ndili kuti?"

Dokotala anaseka pang'ono. "Funso limenelo ngakhale ife limativuta."

Kenaka anawayang'ana onse atatu.

"Mumve bwino, chifukwa kunjaku mumva zambiri. Matendawa sapatsirana, kaya podyera pamodzi, kaya pogona chipinda chimodzi. Si misala, ndipo sachotsa nzeru. Mankhwala alipo, ndipo ambiri akamamwa mokhulupirika kuzimako kumasiya. Koma ndi a tsiku ndi tsiku. Usadzati lero ndili bwino ndiye ndisiye, kapena mnzanga wati amanenepetsa ndiye ndidumphe. Kusiya mwadzidzidzi kukhoza kubweretsa kugwa kumene ukukuopako. Uzigona mokwanira, kuchezera ndi mabuku mpaka mbandakucha kumadzutsa matendawa. Mpaka titaona kuti mankhwala agwira, njinga ayi, kusambira wekha ayi, kuphika pamoto popanda munthu pafupi ayi. Sukulu upitirize. Mpikisano wakowo upite, ukawagonjetse. Koma aphunzitsi ako adziwe, ndi mnzako mmodzi kapena awiri, kuti ukazima asakuseke kapena kukusiya pamsewu."

"Ndiwauze dzina lenilenilo?"

"Ukabisa dzina, iwo adzapeka lawo. Ndipo la iwo lidzaipa kuposa ili."

Wailesi anakanda m'mutu. Phala lija linali litauma, likuyoyoka ngati laimu. Anali atapuma mwamphamvu poganiza kuti wataya mpikisano, koma mpikisano unalipo. Chimene chinatsala chinali chimene azakhali ankaopa, ndipo tsopano anayenera kuchinena ndi pakamwa pake.

Dokotala anafunsa funso lomaliza akulemba mankhwala. "Nthawi zina izi zimayenda m'magazi, nthawi zina ayi. Pabanja panu alipo wina amene anali ndi vuto lotere?"

"Kwathu kulibe," anatero mayi, nayang'ana amuna awo.

Bambo anali atawerama, akukonza zipi ya chikwama chawo. "Palibe," anatero osadzutsa mutu.

6. Basi Ina

Atalandira mankhwala anatuluka kukaima pasiteji. Dzuwa linali likadali pamwamba. Mayi anamumanga Wailesi mpango kumutu kuti phala lija lisaoneke.

Minibasi yopita kwawo inafika, kondakitala akuitanira. Mayi anayamba kulowera kuchitseko, koma bambo anawagwira mkono.

"Isiyeni ipite."

Mayi anawayang'ana nthawi yaitali. "Lero lomwe?"

"Lero lomwe. Mwanayu wapuma mpweya wake wonse ine ndikuona. Ine ndafunsidwa funso limodzi lokha, koma ndanama."

Minibasi inanyamuka. Wailesi anayang'ana bambo ake, nayang'ana mayi ake.

"Tikudikira chiyani?"

"Basi ya kuseri kwa njanji," anatero bambo. "Tikupita kukaona achimwene anga."

"Achimwene anu ati? Si munabadwa awiri, inu ndi azakhali?"

"Tinabadwa atatu."

Wailesi anagwira mkono wa mayi ake. Anayang'ana msewu, anayang'ana chipata cha chipatala, anayang'ana mthunzi wake pansi, kufuna kuona ngati pali chimene chasuntha.

"Amayi, kodi ndazimanso? Pali zimene mwanena ine osamva?"

Amene anayankha anali bambo.

"Sunazime, mwana wanga. Izi sitinakuuzepo."

Basi yakale yachikasu inatulukira pakona, ndipo bambo anatambasula dzanja kuiimitsa.